Mwezi umene ndalama sizinabwerere

Bambo anga ndi mlongo wawo, azakhali anga, anasiya kulankhulana ine ndili wamng'ono. Anakanganirana munda wakumudzi, ndipo azakhali analumbira kuti ngakhale madzi a m'nyumba ya bambo sadzamwanso. Liuma linali la kumtundu. Ife tinkakhala ku Area 9, iwo ankagulitsa kaunjika ku Msika wa Tsoka.

Azakhali atapezeka ndi matenda a shuga, bambo anayamba kundituma mwachinsinsi. Mwezi ukatha ankandipatsa ndalama za mankhwala, ine n'kukapereka ndi bodza lomwe tinapangana, loti zachokera kwa amayi achigwirizano a kutchalitchi kwathu. Azakhali ankalandira ndi manja awiri. Ndalama yapepala ubwino wake ndi umenewo, siinena kumene yachokera.

Kenaka ndinapeza ntchito ku City Centre, ulesi n'kundilowa. Matope a ku Tsoka anayamba kundinyansa, poti tsopano ndinali ndi nsapato zakuofesi.

"Bambo, masiku ano ndalama sayenda nazo m'manja," ndinatero. "Bweretsani foni yanu titumize."

"Sadziwa kuti ndine?"

"Nambala yanu saidziwa."

Chikhalirecho ndine ndemwe ndinawaperekeza bambo pamzere uja boma litalamula kuti nambala iliyonse ilembetsedwe ndi chiphaso cha mwini wake. Ndinkadziwa kuti ndalama yapafoni imafika ndi dzina. Sindinganene kuti ndinaiwala, ndinangosankha kusaganiza. Dzuwa lisanalowe, ndalama zija zinabwerera.

Nditapita kukapepesa, azakhali anandiyang'ana kuyambira kunsapato.

"Kani amayi achigwirizano aja ali ndi ndevu? Kawauze abambo ako kuti sindinafike popemphetsa."

Kuyambira pamenepo anakana chilichonse chodzera mwa ine, ngakhale cha m'thumba mwanga. Mankhwala anayamba kumwa modumphitsa. Ndinkaona miyendo yawo ikutupa, ndipo ndinkadziwa amene anachititsa.

Bambo sanandikalipire, ndipo bola akanatero. Anangopitiriza kutumiza mwezi ndi mwezi, azakhali n'kumabweza tsiku lomwelo. Uthenga ukalowa bambo ankatalikitsa foni ndi maso, n'kuwerenga dzina lonse la mlongo wawo pang'onopang'ono.

"Alipo," ankatero. "Mphamvu zokwiyira akadali nazo."

Mwezi wina ndalama sizinabwerere. Bambo anadikira tsiku lonse foni ili pamwendo. M'mawa mwake ndinawapeza akumeta ndevu, uku akung'ung'udza nyimbo yakutchalitchi.

"Walandira mwana wa amayi anga uja," anatero. "Ukaweruka undiperekeze ku Tsoka."

Masana ndinazemba kuntchito kuti ndikawachenjeze azakhali, asadzawachititse manyazi bambo pagulu. Benchi lawo ndinalipeza lofunditsidwa pulasitiki. Mayi wogulitsa moyandikana nawo anandikokera pambali. Anati azakhali anakomoka dzulo lake akuyala zovala, anthu n'kuthamangira nawo kuchipatala, ndipo kutacha anatsirizika. Chikwama chawo anasunga ndi mayiyo. Anandipatsa, foni ili momwemo, uthenga wa bambo usanatsegulidwe.

Ndinayenda wapansi mpaka kunyumba, chifukwa minibasi ikanandifikitsa msanga. Bambo ndinawapeza pakhonde atavala jekete, nsapato atapolisha, kajumbo ka zipatso kali pambali.

"Wafulumira," anatero akuimirira. "Tiye, tisamupeze atalongedza."