Nyenyezi Yoyanika Padzuwa

Laison anafika ku Umtali chaka chimene azungu anamanga Nyasalande ndi Rodeshiya mtolo umodzi. Kwawo kunali kuseri kwa mapiri a Dedza, ndipo mayi ake anali woumba mbiya. Ali mwana ankawapondera dothi, n'kumaona mmene ankaumitsira mbiyazo ndi kuziotcha ndi makungwa. Lamulo la mayiwo linali limodzi: chiwiya chosapsa chisaone mvula. Mtambo ukangoda, banja lonse linkathamanga kulowetsa mbiya m'nyumba, ndiwo n'kupserera pamoto.

Ku Umtali anapeza ntchito yotsitsa katundu m'mabogi a sitima. Anakwatira Esnath, mwana wa Mnyasa wobadwira konko, ndipo ankakhala m'chipinda chimodzi kukomboni ya Sakubva. Thumba la simenti likang'ambika m'bogi, kapitawo ankamulola kusesa fumbilo n'kupita nalo. Waya womangira mabelo ankangotola pansi. Manja ake anali asanaiwale za kwawo. Akaweruka ankapinda wayayo, n'kumumata ndi simenti yosakaniza ndi mchenga wa kumtsinje, ndipo pankatuluka timabelu, tinkhosa, tinyenyezi. Palibe anamuphunzitsa. Kwa iye simenti inali dothi lachizungu basi.

Chaka chimene Esnath anabereka Obed, mwana wawo woyamba, mvula inachedwa. Mitengo ya misasa inali itasintha kale masamba ofiira aja kukhala obiriwira, koma nthaka inali idakali phulusa. M'masiku amenewo a Abisai, mkulu wa kampingo ka Anyasa, anaima pakhomo pa Laison n'kutembenuza kankhosa kamodzi m'manja.

"A Laison, Khirisimasi ino tikufuna nyenyezi. Osati yapepala ngati ya chaka chatha ija, imene mphemvu zinadya Anzeru a Kum'mawa asanafike."

Laison anaiumba yaikulu ngati lichero, yolemera ngati mwala wa mphero. Pansonga yake anazikapo ngowe ya waya, monga mayi ake ankamatira chogwirira pa mphika. Anaiyanika pa lata, padzuwa loswa mtengo la Novembala. Kenaka anaizinga ndi moto wa zitsononkho kuti ipse pang'ono. Tsiku limene mvula yoyamba inagwa, anthu akuvina panja, iye anaifunditsa jekete lake n'kuilowetsa kunsi kwa bedi. Dontho silinaikhudze. Anaipaka laimu, ikuyera mbee, ndipo Lamulungu lomaliza Khirisimasi isanafike anaipachika yekha pa phaso la tchalitchi, pamwamba penipeni pa bokosi la udzu limene linkaimira modyera ng'ombe.

Woti agone m'bokosimo amayi a mumpingo anasankha Obed, chifukwa sankalira chisawawa.

M'mawa wa Khirisimasi nkhungu inali itakuta mapiri a Bvumba, ndipo mapiko a ngumbi anali mbwee pabwalo. Esnath analawirira ndi mwana kuti akamuveke nsalu yoyera. Laison akupukuta nsapato, anatulukira Taison, mchimwene wake wa Esnath, mmisiri womanga amene anali atatha miyezi akumanga thanki pafamu ina ku Bvumbako. Ankalankhula Chinyanja chothira Chishona, ndipo mlamu wakeyo ankamutchula kuti tsano.

"Tsano, ndamva kuti mwasanduka Mlengi! Mukulenga nyenyezi tsopano?"

Anatola kabelu pazenera, n'kukagogoda ndi chala. Sikanalire. Anakafinya, ndipo kanangoti fwaa, mchenga n'kuyoyokera pa nsapato zopukuta zija.

Taison anasiya kuseka.

"Munakathirira madzi masiku angati?"

"Kuthirira? Kodi ndi mpiru?"

"Maiwe! Simenti imalimba ndi madzi, tsano. Imafuna chinyezi, uifunditse masaka onyowa. Ukaiyanika padzuwa yafa, imangooneka yolimba kunja. Nanga yaikuluyo munaitani?"

"Ndinaiyanika," anatero Laison. "Ndinaiotchanso."

"Ili kuti?"

Laison anali atatuluka kale, nsapato imodzi kuphazi.

Njira inali matope okhaokha. Anaterereka pamene amayi ena ankagulitsa masuku, anadzuka, anathamangabe. M'mutu mwake munali chinthu chimodzi: liwombo la Obed, paja pamagunda pang'onopang'ono mwana akagona. Ankaliona ndi m'maso omwe. Kumbuyo ankamva Taison akufuula kuti akabwereka makwerero.

Tchalitchi chinali cha malata ndi mitengo, ndipo chinali chitadzaza mpaka pakhomo. Ankaimba nyimbo ya abusa a ku Betelehemu, amayi akuponda pansi mwamphamvu, denga lonse likunjenjemera. Laison anaima kumbuyo, akupuma ngati ng'ombe yapagoli. Kutsogolo, nyenyezi ija inkayera bwino, ikutembenuka pang'ono pa waya wake. Pansi pake panagona Obed. Pambali panagwada Rhoda, kamtsikana kamene kanali Mariya, ndipo mozungulira munakhala ana ovala mapiko a mapepala.

Anafuna kukuwa, koma anadziletsa. Akanakuwa, anthu akanadzuka onse pamodzi, khomo lili limodzi, mizati ili yowonda. Anaona kuti chipwirikiti chokhacho chikanaigwetsa.

Kenaka, pa kuwala kolowera pazenera, anaona kafumbi koyera kakutsika kuchokera pa ngowe. Kankatsika mwakachetechete, n'kumagwera pa nsalu ya mwana.

Anayenda. Sanadziwe kuti akuponda miyendo ya ndani. Amayi ena anamukoka shati, "Inu, amuna amakhala uko!" Iye anangopitirira, thope likudontha, mpaka anafika pabokosi. Pamenepo anagwada, n'kuweramira mwanayo, msana wake kukhala denga. Obed anali maso, akuyamwa chibakera. Pakhosi pa Laison panagwa timchenga, tozizira, kamodzikamodzi.

Nyimbo inazilala.

"A Laison," anatero a Abisai, akuyang'ana pamwamba pa magalasi, "abusa tinasankha kale. Inu mwachokera dambo liti, ndi nsapato imodzi?"

Anthu anaseka, ndipo kusekako kunagwedezanso denga. Laison anatsinzina, akudikira.

"Abambo," ananong'ona, "bwerani pafupi. Musathamange. Chonde musagunde mzati."

A Abisai anawerama.

"Nyenyeziyi ndi yofumbwa. Chotsani ana."

Mkuluyo anakweza maso, naona kafumbi kaja. Nkhope yake inatuwa, koma mawu ake sanasinthe.

"Angelo onse, imirirani bwinobwino. Mariya, tsogola. Lero Betelehemu wasamukira panja, pansi pa mkuyu. Tiziyenda ngati tikuperekeza mkwatibwi. Amayi, musaponde mwamphamvu, mungadzutse Mwana."

Ana anatuluka pamzere, mapiko akukwekwesana. Esnath anafika, nayang'ana nkhope ya mwamuna wake. Analowetsa manja kunsi kwa chifuwa chake n'kusolola mwanayo ngati akuphula mbatata pamoto. Koma Laison anakhalabe chiweramire pa bokosi lopanda kanthu.

"Bambo a Obed, dzukani," anatero Esnath. "Mwana ndamutenga. Dzukani, inu!"

Anachita kumukoka ndi lamba.

Tchalitchi chitatsala chopanda munthu, Taison anaimika makwerero. Anangoikhudza ndi nsonga ya chala kuti aone poigwira. Ngowe inasololoka ngati udzu m'nthaka yonyowa, n'kutsala ikulendewera pa phaso. Nyenyezi inatsika. Bokosi lija linasweka pakati, udzu ndi fumbi zinangoti kobo, ndipo panja nyimbo inaduka. M'kachetecheteyo Obed anayamba kulira. Laison, atatsamira khoma, anamvetsera kulirako mpaka kunatha.

Palibe anamukalipira kwambiri. A Abisai anangotola mafupa a waya m'fumbimo, nawagogoda pa benchi mpaka simenti yonse itayoyoka, n'kupereka kwa Taison.

"Pachikani iyi. Ikagwa, tingoitola."

Laison sanasiye kuumba. Anakhala ku Sakubva mpaka Chitaganya cha Nyasalande ndi Rodeshiya chija chinatha, ndi zaka zambiri pambuyo pake, ndipo mabanja a ku Zimunya ankabwera pa basi kudzafuna nkhosa ndi abusa ake asimenti. Koma ankadikira mvula. Chilimwe chonse ankangopinda waya. Mabingu akayamba kugunda kuseri kwa Bvumba, m'pamene ankasakaniza simenti, n'kufunditsa zoumbazo masaka onyowa kuseri kwa nyumba, kumthunzi. M'mawa uliwonse ankazithirira asanasambe kumaso. Poyamba ankathira madziwo mozemba, ngati mayi ake amuona.

Zonse zimene ankaumba zinali zoima pansi, za matako aakulu. Wina akapempha chopachika, ankamupindira cha waya wokhawokha, chopepuka moti mwana akanachinyamula ndi chala. Ndipo ngakhale tsitsi litayera, akalowa m'nyumba ya munthu ankayamba wayang'ana kudenga, kenaka n'kupereka moni.