Dayinamo ya panjinga ya atate

Lero, ndikuwotcherera waya wa foni ya munthu pamsika wa Katondo, fungo la pulasitiki yopserera linandibweza ku giredi 8, chaka chomaliza chimene ndinaponda m'kalasi.

Ndinapanga makina oyatsa magetsi ndi mphepo. Mapiko ndinadula pachigubu, mawaya ndinatola, ndipo dayinamo atate anachita kumasula panjinga yawo. Ukapemerera ndi katoni, babu linkayaka. Milungu itatu zala zanga zinali matuza okhaokha.

Tsiku la mpikisano wa sayansi, tili pakhomo la holo, aphunzitsi anandikokera pambali.

"Iwe Chizungu chako chimagwa munjira. Azakamba ni munzako. Iwe uzipemelela chabe."

Mnzangayo anali asanagwirepo ngakhale waya umodzi. Ndinagwada kuseri kwa tebulo ndi katoni yanga, iye akulongosolera oweruza zimene ndinamuuza ndekha m'minibasi. Babu linayaka, anthu anawomba m'manja, koma dzina limene anaitana silinali langa.

Mtima unandipsa. Ndinaimirira n'kuzula dayinamoyo, mapiko n'kuthyoka, babu n'kuphwanyika pasimenti.

Apa m'pamene ndinawaona atate akulowa, atavala jekete lawo la kutchalitchi, nsapato zili mbuu ndi fumbi la kwathu ku Chowa. Anali atachita kupempha kuntchito. Sanandikalipire. Anawerama n'kuyamba kutola magalasiwo ndi manja.

"Mwanawe, ndafika mochedwa," anatero chapansipansi. "Kodi linayaka?"