Koko wa ku Ghana, Thonje la kwa Mlolo

Adandiitana ndili m'kalasi, choko chili m'manja. Lidali Lachitatu, nyengo ya msika wa thonje, chaka cha 1972. Mphunzitsi wamkulu adaima pakhomo osalowa, nati ku ofesi kuli alendo anga. Sadandiyang'ane kumaso. Ndidauza ana a Sitandade 8 kuti apitirize masamu, ndibwera posachedwa. M'kalasimo sindidalowemonso.

Ku ofesi ndidapeza apolisi awiri ovala zovala wamba, pamodzi ndi wapampando wa achinyamata a chipani m'dera lathu la kwa Mlolo. Patebulo padali tsamba long'ambidwa m'kope la mwana wa sukulu, lothimbirira ndi mafuta a nsomba. Kumunsi kwake kudali mawu a inki yofiira: "Wakhoza bwino kwambiri." Apolisiwo adandifunsa ngati mawu ofiirawo ndidalemba ndine. Ndidavomera, ndipo adandiuza kuti ndikwere galimoto.

Ndifotokoze za tsambalo, pakuti moyo wanga udathera pamenepo. Chaka chimenecho silabasi idali ndi phunziro la maiko a kumadzulo kwa Afirika, ine ndidasankha Ghana chifukwa cha koko, mbewu yopangira chokoleti. Ana anga koko adali asadamuonepo, ngakhale ine mwini. Kwawo ankalankhula Chisena, Chingerezi cha m'buku chinkangowadutsa pamwamba, choncho manotsi ndinkawalembera m'Chichewa pabolodi. Bukulo lidali lakale, linkalekezera pa kubzala ndi kuyanika. Ine, ndi matama a mphunzitsi wokhala ndi wailesi, ndidaonjezerapo zomwe ndinkamva. Ndidalemba kuti alimi a kumeneko amagulitsa mbewu yawo ku bungwe la boma lokha, pamtengo woikidwa ndi boma. Mtengo utagwa kunja, ndalama yawo idachepa mphamvu, sopo ndi shuga nkukwera, alimi ena nkuyamba kuzembetsa mbewu kudutsa nayo malire. Ndidamaliza ndi kunena kuti asilikali adali atalanda boma kawiri, kachiwiriko kumayambiriro kwa chaka chomwecho. Mudalibe bodza m'menemo, ndipo ndicho chimandiwawa mpaka lero.

Mawu akuti Ghana ndi koko adali patsamba loyamba. Lachiwiri linkangoti alimi, mbewu yawo, boma, asilikali. Tsono kwathu kuno pepala silitayidwa. Kope la mwana limathera kukulunga mchere, mandasi kapena mlamba wokazinga. Wina adang'amba tsamba lachiwirilo nakulungira nsomba pamsika wa thonje. Wogulayo atadya adalitaya pansi, wapampando uja nkulitola kuti apichire fodya. Tsiku lomwelo alimi adali atakangana ndi akalaliki a pasikelo chifukwa thonje loyera mbee linkaikidwa pagiredi yotsika. Wapampandoyo adayamba wawerenga asadapichire. Chibaba cha fodya chikadamugwira kwambiri pang'ono, bwenzi nditapuma pantchito ndili mphunzitsi wamkulu.

Kupolisi ya kuboma adandisunga masiku atatu. Wondifunsa adali munthu waulemu, sadasiye kunditchula aphunzitsi.

"Alimi akudandaula mtengo, akuzembetsa mbewu kudutsa malire," adatero. "Kuno malire ali kuti, aphunzitsi?"

"Ali pa mtsinje wa Ruo, bwana. Koma awa ndi alimi a ku Ghana."

"Ghana ali pati papepalali? Tandilozerani."

Ndidalibe poloza. Ndidawapempha kuti atume munthu panjinga kusukulu akatenge kope la mwana aliyense wa m'kalasi langa, atsegule tsamba loyamba. Ndidapemphanso kuti aitanitse silabasi, imene idalembedwa ndi boma lomwelo. Adandiyankha kuti boma silithamangira makope a ana. Chimene ankafuna chidali chimodzi: dzina la mwana amene adalemba tsambalo, kuti adziwe nyumba imene mawuwo ankafalikira.

Zilembozo ndidazizindikira nditangolowa mu ofesi muja. Zidali zopendekera kumanzere, za mtsikana amene ankatsogola m'kalasi chaka ndi chaka, yekhayo amene ndinkakhulupirira kuti asankhidwa kupita ku sekondale. Pano sindimutchula dzina. Bambo ake adawoloka kuchokera ku Mozambiki alibe chikalata chilichonse, ankasodza kudambo la Elephant Marsh, mayi ake nkumakazinga nsombazo. Kutsidyako kudali nkhondo, ndipo munthu wochokerako akangokayikiridwa ankatengedwa ndi banja lonse, ena nkukawataya pamalire. Ndidaganiza kuti ndikamutchula, mwina akatenga kope lake, aona Ghana, nanditulutsa. Koma mwinanso akatenga iye ndi makolo ake, kopelo nkulisiya pamphasa. Ndidati ana ndi ambiri, zilembozo sindikuzizindikira.

Tsiku lachitatu mudalowa anthu ena awiri amene sankafunsa mafunso. Kuyambira tsikulo khutu langa lakumanzere silimva. Za iwowo ndilekeza pomwepa.

Kukhoti sindidapite. Adandiwerengera pepala lonena kuti ndisungidwe kaamba ka chitetezo cha dziko, popanda tsiku lotuluka, kenaka adakwera nane mapiri kupita kundende ina ya kumtunda. Mwana wa kuchigwa ine, wozolowera kugona panja chifukwa cha kutentha, chidayamba kundilanga ndi chisanu. Bulangete lidali limodzi, pansi padali simenti. M'chipindamo tinkagona mopanikizana, wina akafuna kutembenuka tinkatembenuka tonse. Chimbudzi chidali ndowa pakona. Nyemba zinkabwera ndi anankafumbwe ake, tinkangoti ndiyo nyamayo.

Anzanga atamva mlandu wanga adaseka mpaka misozi, nandipatsa dzina lakuti Bambo Koko. Ine sizinkandiseketsa. Njala ndi nsabwe munthu amazolowera. Chimene sindidachizolowere ndi kudziwa kuti nkhani yanga ikadatha masana amodzi, ndi munthu mmodzi wokhala ndi njinga ndi maso. Ndinkauza msilikali aliyense wa ndende, ngakhale wongobweretsa phala. Wina wachikulire adatopa nane, nandiuza kuti: "Aphunzitsi, muno mulibe wolakwa, mulibe wokhoza. Muli otsekeredwa basi."

Wondifunsa uja ankabwera kamodzi pachaka, tsamba lija lili m'fayilo. Ankandifunsa za umoyo wanga, kenaka nkunena zomwezo: dzina limodzi lokha, mawa mukagona kwanu. Ine nkubwereza zanga za kope ndi silabasi. Iye nkutseka fayilo. Chaka chachitatu adandiuza kuti mkazi wanga adamutulutsa m'nyumba ya sukulu ali woyembekezera, ndipo ali ndi mwana wamwamuna amene sadziwa nkhope ya bambo ake. Tsiku limenelo dzinalo lidafika pamilomo. Musandiyese ngwazi. Ndidangoona kuti ndikalitchula tsopano, zaka zitatuzo ndidzakhala nditazikhalira chabe, ndipo liuma ndili nalo chibadwire.

M'chaka chachisanu, Lachisanu lina m'mawa, adawerenga maina pabwalo, langa lidalipo. Mkulu wa ndende adati boma latikhululukira. Ndidatukula mkono monga mwana wa sukulu, nkufunsa chimene landikhululukira. Msilikali wachikulire uja adandiponda chala mwakachetechete nati, "Landirani tikiti ya basi muzipita." Mkulu wa ndende uja adatiuza kuti tisakauze munthu za kumene tidali, ndipo ine ndisadzaimenso pamaso pa ana a sukulu.

Mkazi wanga ndidakampeza kwa mayi ake kwa Lundu, akulima thonje. Mwana adathawira kuseri kwa nkhokwe atandiona. Mkazi wangayo ndiye adandiuza kuti tsiku lomwe ndidatengedwa, mphunzitsi wamkulu adasonkhanitsa makope onse a Sitandade 8 nkuwatentha kuseri kwa chimbudzi, makolo akuthandiza kusonkheza moto. Sindidamusungire chakukhosi. Naye adali ndi ana, ndipo mantha a nthawi imeneyo sankasiya munthu kuganiza. Ndidangodziuza kuti ndiye kuti ngakhale njinga ija ikadapita, ikadabwerako ndi phulusa. Mtima udakhalako pansi.

Patatha miyezi iwiri ndidapita kudooko kukagula nsomba. Mayi wina wobereka mwana kumbuyo adasiya dengu lake, nagwada pamchenga. Adali mtsikana uja. Mayeso sadalembe. Bambo ake adamuchotsa sukulu sabata yomwe ija poopa kuti apolisi abweranso, ndipo chisadathe chaka adamukwatitsa kwa msodzi mnzawo. Adanena izi mopanda kudandaula, nandifunsa za khutu, poona kuti ndinkamutembenuzira mbali imodzi. Kenaka ndidatchula za makope otenthedwa aja.

"Langa nkhabe, aphunzitsi, sindidapereke," adatero. "Ndidalibisa mu udzu wa denga kwa makolo anga. Tsiku lililonse ndinkati lero aphunzitsi anditchula, apolisi abwera, ndiwaonetsa pamene padalembedwa Ghana. Ndidadikira zaka ziwiri, mpaka madzi osefukira adatenga nyumba."

Iye adakonza nsalu ya mwana, nandiyang'ana.

"Nanga bwanji simudanditchule?"

Ndidati ndinkaopa kuti amutenga iye ndi makolo ake. Adagwedeza mutu, nati mwina akadawatengadi, mwinanso ayi.

Lero anthu amalankhula za mtengo wa thonje poyera, wailesi nkumaulutsa, ndipo palibe amene amakwezedwa galimoto. Ndimayamika, ufulu ndi wabwino, ndidaulipira ndi khutu. Koma achinyamata akamandifunsa kuti ndidamva bwanji potuluka, ndimalephera kuwapatsa yankho lokoma limene amaliyembekezera. Kundende ndinkadziwa chinthu chimodzi, chakuti ndikuvutikira mwana wa eni kuti aphunzire. Chimenecho chidandisunga wamoyo, ndipo ndidachitaya padooko paja nditamasulidwa kale. Mpaka pano sindidziwa ngati ndidamupulumutsa mwanayo, kapena tonse awiri tidangokhala chete, wina kumtunda wina kuchigwa, aliyense akudikira mnzake.