A Isake ndi lole yotsamwa pachitunda

Pa esiteti yonse ya tiyi palibe amene angalumbire kuti anaonapo a Isake akuthamanga. Analowa m'galaja ali mnyamata wotsuka masipanala, lero imvi zili mbuu, koma kayendedwe n'komweko, ka munthu wodziwa kuti galimoto yofa sithawa. Mamanijala abwera n'kupita. Aliyense ankayamba ndi kuwada chifukwa cha kuchedwa, n'kumaliza ndi kuwabweretsera galimoto yake yapakhomo Loweruka. Makani ali nawo osasimbika, ndipo mawu amene amawanyansa kuposa onse ndi akuti "yachira yokha".

Chaka chatha, nthawi ya chiperoni, kunagwa maliro kukomboni. Ben, wokweza matumba a tiyi, anangodwala masiku anayi n'kutsamira mkono, kusiya mkazi wake Teleza, wothyola tiyi, ndi ana awiri. Monga mwa nthawi zonse esiteti inapereka lole yoti ikatule thupi kwawo kwa malemu ku Thekerani. Atafika pazitunda zakumeneko, lole inayamba kutsamwa. Inkagwedezeka, kutha mphamvu, kenako zii. Jacob, dalaivala wake, ankadikira pang'ono, kuiliza, iyo n'kulira bwinobwino ngati sinachite kanthu. Zinachitika katatu. Pobwerera, bokosi litatsitsidwa, sinatsokomole ngakhale kamodzi.

Itazima kachitatu popita paja, amayi amene ankaimba pamwamba pa lole anasiya nyimbo pakati. "Maliro akukana," anatero wina. Ndipo maliro sakana popanda chifukwa. Wina anakumbukira kuti Teleza ndi mwamuna wake anakangana sabata yomwe anayamba kudwala, ngati kuti pakomboni pali banja losakangana. Kumanda abale a Ben sanamupatse moni Teleza, ndipo anamuuza kuti phazi lake lisadzapondenso pamudzipo. Atabwerera, amayi ankachotsa ndowa zawo pampopi akamuona. Kumunda palibe ankafuna mzere woyandikana naye. Dzina la ufiti linamumatirira, ndipo ana ake anayamba kusewera okha.

A Isake nkhani za mizimu salowerera. Chinawapweteka n'chakuti lole yawo inachita manyazi pamsewu, ndipo manijala akuti, "Ikuyenda, isiyeni." Sanaisiye. Anasintha sefa ya dizilo, anatulutsa mpweya m'mapaipi, anagunditsa sikuludiraiva painjini n'kuika khutu kumapeto kwake monga amachitira. Injini inali yabwinobwino. Anakwera nayo masiku asanu ikututa tiyi kupita kufakitale, atakhala duu pambali pa Jacob, amene anatopa nawo kwambiri. Lole osalakwitsa kanthu. Anzawo m'galaja ankawaseka kuti akalamba, akusaka mzukwa ndi sipanala. Iwo ankangoti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi ali papampu ya mafuta anafunsa, "Jacob, pobwerera ku Thekerani unathira dizilo?"

"Eya, madala. Ndinali ndi chigubu. Thanki inali itatsika kwambiri."

A Isake anangoti, "Oho."

Pa esiteti malole amadzazidwa m'mawa uliwonse ndipo maulendo ake ndi afupiafupi, choncho thanki sitsika kufika pakati. Anapopa dizilo mpaka kutsala wochepa, anakweza matumba a feteleza, n'kulunjika pachitunda chachikulu cha kuseri kwa fakitale. Asanafike pamwamba, lole inagwedezeka, kutsamwa, zii.

"Nanga fetelezayu akukana chiyani?" anafunsa a Isake. Jacob anagwira pakamwa.

Anatsitsa thanki, kuunika ndi tochi, kupisa ndi waya wopinda. Chinatuluka ndi chidutswa cha jumbo yakuda, kukula ngati chikhato. Pamenepo Jacob anakumbukira kuti miyezi ingapo yapitayo chitsekerero cha thanki chinasowa, ndipo iye anamangapo jumbo ndi mphira kwa masiku awiri. Mafuta akakhala ambiri, chidutswacho chinkayandama kutali. Akachepa, lole n'kupendekeka pachitunda, chinkayamwidwa n'kutseka kukamwa kwa paipi. Injini ikazima chinkamasuka chokha.

Ntchito yawo inathera pomwepo, ndipo nkhani inamveka pakomboni tsiku lomwelo. Ena anaseka, ena anachita manyazi, ena anati jumbo ndi jumbo koma akwawo a malemu ndiwo akudziwa. Madzulo Teleza anafika pagalaja, dengu likadali kumsana, n'kugwada pafumbi lamafuta.

"Bambo, ndikanena ine sakandimvera. Tiyeni mukawauze nokha."

A Isake amadana ndi maulendo, ndipo Lamulungu ndi tsiku lawo logona pansi pa mtengo wa mapeyala. Anang'ung'udza kuti iwo ndi makaniko, si ankhoswe. Koma Lamulungu m'mawa anapezeka pasiteji atavala jekete, kachikwama kali m'manja.

Ku Thekerani anawalandira mozizira. Amalume ake a Ben anakhala pampando, amayi a malemu, a Keziya, anakhala pamphasa chakutali atayang'ana kumbali. Teleza anangosiyidwa chiimire. A Isake sanalalikire. Anapempha beseni la madzi, anaponyamo chidutswa chija, anaviikamo kapaipi n'kupatsa amalumewo kuti ayamwe. Madzi anabwera. Anataya madzi ambiri, kupendeketsa beseni, n'kuti, "Yamwaninso." Jumbo inathamangira kukamwa kwa paipi, phaa, ndipo masaya a mkuluyo analowa m'kati. Anayesa kachiwiri, kachitatu, mpaka ana amene anaunjikana anayamba kuseka.

"Chinaimitsa lole n'chimenechi," anatero a Isake. "Inachitanso chimodzimodzi itanyamula feteleza. Mayiyu alibe mlandu."

Amalume anakanda m'mutu. Amene anasuntha ndi a Keziya. Anasendera pafupi, kutola chidutswacho m'madzi, kuchitembenuza uku ndi uku.

"Ndiye mukuti mwana wanga sanakane?"

"Sanakane, mayi."

"Miyezi iwiri sindikugona. Ndimati wakana ine. Anakhala zaka zitatu osabwera kuno, titasiyana ndi mawu oipa, ndiye ndimati ngakhale m'bokosi sakufuna kuona nkhope yanga." Misozi inatsika osaipukuta. "Ndinalola kuti anthu anene mpongozi wangayu, chifukwa ndimaopa kuti akasiya iye atembenukira kwa ine."

A Isake, amene moyo wawo wonse sanasowepo chochita ndi manja, anangoyang'ana zikhadabo zawo zakuda. Teleza ankalira mosabisa, ndipo kulira kwake kunali kwa munthu amene watula katundu.

"Ambuye akudalitseni, bambo," anatero a Keziya. Kenaka anasendeza thupi pamphasa, n'kumenya ndi dzanja malo otsalawo. "Teleza, mwanawe, waima nthawi yaitali. Bwera ukhale apa, undiuze za adzukulu anga."