Sitiroko Yanga ndi Msilikali wa ku Burma

Chizindikiro choyamba chinabwera ndili m'kalasi, kumayambiriro kwa Novembala mu 2015, nthawi imene anthu a kuno amavala maluwa ofiira pachifuwa pokumbukira amene anafera kunkhondo. Ndimaphunzitsa mbiri yakale pa sukulu ina ya sekondale ku Salford, m'dziko la England, ndipo teremu imeneyo tinali pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Ndinaima pafupi ndi mapu, ndikufotokozera ana mmene asilikali a Germany anazingidwira mumzinda wa Stalingrad mpaka njala ndi chisanu zinawagonjetsa. Ndinkafuna kunena kuti pamenepo ndi pamene nkhondo inayamba kutembenuka, koma pakamwa panga panangotuluka phokoso losamveka. Cholembera chinagwa m'dzanja langa lamanja, ndipo ndinachiyang'ana pansipo osadziwa kuti ndichitola bwanji.

Ana anaseka pang'ono. Patapita mphindi zochepa lilime linamasuka, dzanja linabwerera, ndipo ndinamaliza phunzirolo. Ndinali ndi zaka 43, ndisanagonepo m'chipatala chibadwire, choncho ndinati ndi kutopa chabe. Mkazi wanga Esinati, amene amagwira ntchito yosamalira okalamba, atamva nkhaniyi anafuna kuti tipite kuchipatala madzulo omwewo. Ndinamuuza kuti ndikaonana ndi dokotala sabata yotsatira, ndikamaliza kuchonga mayeso.

Loweruka m'mawa ndinadzuka ndikumva ngati mkono wamanja si wanga. Nditati nditsike pabedi, mwendo unapindika ndipo ndinagwa. Esinati anagwada, n'kundigwira nkhope ndi manja awiri.

"A bambo a Tadala, tamwetulirani," iye anatero.

Ndinayesa. Mbali imodzi ya pakamwa sinasunthe. Sanafunsenso china, anathamangira foni n'kuitana ambulansi.

Kuchipatala anandilowetsa m'makina ounikira mutu. Ndinagona chagada, denga lili pafupi ndi mphuno, ndikuyesa kukumbukira dzina la mwana wanga wamkazi, koma silimabwera. Dokotala anatiuza kuti magazi anaundana n'kutseka mtsempha kumanzere kwa ubongo, mbali imene imayendetsa kulankhula. Anati pali mankhwala osungunula magaziwo, koma amaperekedwa m'maola oyambirira okha, ndipo popeza ine zinandichitikira ndili m'tulo, palibe amene akanadziwa nthawi imene zinayamba. Esinati atamuuza za ku kalasi, dokotalayo anatembenukira kwa ine.

"Limene lija linali chenjezo," anatero. "Mukanabwera tsiku lomwelo, mwina za lerozi tikanazipewa."

Anandigoneka m'wodi ya odwala sitiroko. Poyamba sanandilole kudya kapena kumwa mpaka atatsimikiza kuti ndikutha kumeza osatsamwa. Anamwino ankabwera pafupipafupi kudzayeza kuthamanga kwa magazi, kundiwalitsa tochi m'maso, kundiuza kuti ndiwafinye zala, ndi kundifunsa dzina langa ndi malo amene ndinali. Mafunsowo ndinkawamva, mayankho ndinkawadziwa, koma Chingerezi chimene ndinadyera kwa zaka zambiri chinali chitachoka pakamwa. Chotsala chinali Chichewa, nacho mawu amodziamodzi opotoka. Anati nthawi zina chilankhulo cha paubwana ndi chimene chimayamba kubwerera, koma sanalonjeze kuti chinacho chidzabwera.

Mwana wathu Tadala anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Anabadwira konkuno, Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi. Tsiku loyamba kudzandiona anandifunsa ngati ndimwalira. Ndinafuna kumuuza kuti ayi, koma chimene chinatuluka chinali kubuula, malovu akutsikira m'chibwano. Mwanayo anabisala kumbuyo kwa jekete la amayi ake. Atachoka ndinayang'ana kukhoma, ndikuganiza kuti mphunzitsi wopanda mawu adzadyetsa bwanji banja m'dziko la eni, ndiponso kuti mwina mwana wanga azidzandiopa moyo wake wonse.

Pabedi loyandikana ndi langa panali mzungu wina wokalamba kwambiri, a Harold, wopitirira zaka 90. Nthawi zambiri ankangogona. Koma mvula ikayamba kuwomba mawindo, ndipo ku Salford mu Novembala imagwa pafupifupi tsiku lililonse, ankanjenjemera, kukoka mabulangete, n'kumafuna kulowa kunsi kwa bedi. Ndinkawaopa. Ndikawayang'ana ndinkaona kumene inenso ndinkapita.

Masana ena kukhosi kunandiuma. Namwino akudutsa ndinakweza dzanja lamanzere, ndipo mawu amene anatuluka anali akuti "madzi". Anandifunsa ngati ndikumva kupweteka. Ndinabwereza, iye osamva. Pamenepo a Harold anamuuza m'Chingerezi kuti munthuyo akufuna madzi akumwa. Kenako anatembenuza mutu pang'onopang'ono n'kundiyang'ana.

"Moni, bambo," anatero m'Chinyanja chomveka bwino. "Kwanu ndi kuti? Zomba?"

Ndinaganiza kuti ubongo wanga wasokonekeratu, ndayamba kumva Chichewa m'kamwa mwa azungu, kapena sitiroko ina yayamba. Ndinakanikiza belu osalekeza mpaka anamwino awiri anabwera kudzandiyeza. Mtima unakhala pansi madzulo, mwana wawo wamkazi atabwera kudzawaona n'kutifotokozera ine ndi Esinati. Anati bambo ake ali mnyamata anali sajeni m'gulu la asilikali a ku Nyasalande amene anatumizidwa ku Burma kukamenyana ndi Majapani, ndipo malamulo onse m'gululo ankaperekedwa m'Chinyanja. Iye anali asanawamvepo akulankhula chilankhulocho.

Nkhani ya ku Burma ndinkaidziwa. Mu 1944 Majapani anayesa kulowa m'dziko la India, koma anabwezedwa pa Kohima ndi pa Imphal, ndipo asilikali a ku Africa anawathamangitsa kudzera m'chigwa cha Kabaw mpaka kumtsinje wa Chindwin, mvula ili pachimake. M'kalasi zonsezi ndinkazisonyeza ndi muvi umodzi pamapu. A Harold anandiuza zimene zinali m'kati mwa muviwo. Ankalankhula pang'onopang'ono, masiku amene mutu wawo unali bwino, akusakaniza Chingerezi ndi Chinyanja chakale cha kuperete. Anati matope ankafika m'mawondo, zovala zinkaolera m'thupi, chakudya chinkaponyedwa ndi ndege, ndipo m'mbali mwa njira munali mitembo ya Majapani amene anafa ndi njala ndi matenda akuthawa. Anati choopsa kwambiri sichinali mfuti. Chinali kusadziwa ngati chimene chagwedeza nsungwi ndi mphepo kapena munthu.

Panali kopolo wina dzina lake Jasi, wa ku Mulanje. A Harold atagwidwa malungo, Jasiyo ndi amene anawabereka kumsana mpaka pamene panali achipatala. Anati m'mawa uliwonse akuluakulu a gululo ankaitana odwala kuti atuluke pamzere, koma Jasi sanatulukepo, ngakhale thupi linali litayamba kale kumutentha. Ankaopa kusiyidwa m'mbuyo m'nkhalangomo, kutali ndi anzake. Anagwa ali pa ulendo, ndipo anamwalira gululo lisanawoloke mtsinje wa Chindwin. Pofotokoza zimenezi a Harold ankagwira chitsulo cha bedi mwamphamvu, maso ali pawindo.

Ine sindinkatha kuyankha zambiri, koma iwo sankafulumira. Akanena mawu a Chinyanja ankadikira kuti ndiwakonze, ndipo akanena a Chingerezi ankadikira kuti ndibwereze. M'mawa kunkabwera mayi wophunzitsa odwala kulankhula, atanyamula zithunzi za kapu, supuni ndi kiyi. Tsiku lina ndinkatchula bwino, mawa lake zonse n'kubalalikanso. Masana achipatala ankandiyendetsa m'khonde, mmodzi mbali iyi wina mbali iyo, phazi lamanja likukwekwereza pansi. Pang'ono ndi pang'ono mawu anayamba kulumikizana. Chiganizo choyamba cha Chingerezi chimene ndinanena chathunthu chinali chouza namwino kuti a Harold akuzizidwa, awawonjezere bulangete.

Chakumapeto kwa mweziwo a Harold anadwala chibayo. Anasiya kulankhula nafe, ankangoitana mayina a anthu amene sitinkawadziwa, n'kumawauza kuti agone pansi msanga. M'mawa wina nditabwerako kokasamba ndinapeza makatani atatsekedwa kuzungulira bedi lawo. Atawatsegula panali matiresi okha, namwino akuwapukuta ndi mankhwala.

Tsiku limenelo ndi limene ndinaopa kwambiri pa matenda onsewa. Mutu unayamba kundipweteka, kuthamanga kwa magazi kunakwera, ndipo ndinali wotsimikiza kuti wotsatira ndine. Anandibwezera m'makina aja. Ine ndi Esinati tinadikira zotsatira, iye atagwira dzanja langa lamanja limene silinkamva bwino kuti lagwiridwa. Dokotala anabwera n'kunena kuti palibe chatsopano m'mutu, koma anandichenjeza kuti miyezi yoyambirira ndi yoopsa, ndipo mankhwala ndisadzadumphitse ngakhale tsiku limodzi.

Ndinatuluka Khirisimasi itayandikira, ndikuyenda ndi ndodo. Achipatala anapitiriza kubwera kunyumba kudzandilimbitsa mkono ndi lilime. Tadala anatenga nthawi kuti azolowere. Poyamba ankandiyankha ataima pakhomo la chipinda, kenako anayamba kukhala pafupi, mpaka tsiku lina anandiseka nditatchula foloko kuti fosholo, ndipo ndinadziwa kuti mantha amuchoka. Kusukulu ndinabwerera mu Seputembala chaka chotsatira, poyamba masiku ochepa pa sabata. Tikafika pa nkhondo ya ku Burma sindithamanganso. Ndimawauza ana za matope a ku Kabaw ndi za kopolo wa ku Mulanje amene anabereka mnzake iye mwini akudwala.

Lero ndili bwino ndithu. Ndodo ndinasiya, sitima ya m'tauni yotchedwa tramu ndimakwera ndekha. Dzanja lamanja silinabwerere mphamvu zonse, ndipo ndikatopa mawu ena amabisala, ndimayenera kuwadikira. Tsiku lililonse ndimamwa mankhwala ochepetsa kuthamanga kwa magazi ndi oteteza kuti asaundane, mchere ndinachepetsa, ndipo kunyumba tili ndi kamakina koyezera. Mantha sanatheretu. Mutu ukangopweteka ndimapita pagalasi kukaona ngati pakamwa pali bwino.

Kwa abale anga amene muli kuno, ndikudziwa mmene timakhalira. Timathamangira mashifiti, timaopa kujomba, timati tikaonana ndi dokotala ntchito ikachepa. Kayezetseni kuthamanga kwa magazi ngakhale mukudzimva kuti muli bwino, chifukwa ine kwanga kunali kokwera kwa nthawi yaitali osadziwa. Pakamwa pakapotoka, mkono ukachita dzanzi, kapena mawu akasokonekera, ngakhale zitatha zokha patapita mphindi zochepa, limenelo ndi tsiku lopita kuchipatala. Ndipo mukaziona mwa mnzanu, musamufunse ngati akufuna kupita, chifukwa ambiri timakana. Imbani foni iye akukana choncho. Ngati n'kukwiya, akwiye ali m'ambulansi.