Phazi la Mayi Zigamba

Dzina lake lenileni linatsala pa chiphaso pokha. Mumsewu monse ankamudziwa kuti Mayi Zigamba, chifukwa kwa zaka makumi awiri ndi zitatu ntchito yake inali yobisa manyazi a anthu: buluku long'ambika kumbuyo, zipi yokana kukwera, kolala yothetheka. Ankakhala pakhonde la sitolo ya zitsulo, makina ake opalasa ndi mapazi atawatsamiritsa kuchipilala kuti asamagwedere. Makinawo anamusiyira mwamuna wake pothawa ndi mkazi wina, ndipo pa awiriwo, okhulupirika anali makina. Phazi lake lamanja linazolowera ntchito moti ngakhale akamadya linkapalasabe pansi lokha.

Koma zigamba sizilemeretsa munthu. Zovala zakaunjika zitatchipa, anthu anayamba kutaya m'malo mosoketsa. Ndiye itabwera kalata yoti fakitale ina yosoka mayunifolomu kutauni yakutali yamutenga, anaiwerenga katatu ali chilili. Malipiro a pamwezi! Kalatayo inati afike Lolemba, ndipo sabata yoyamba ikhala yomuyesa. Mawu omalizawo anangowadumpha. Telala wa zaka zonsezi angayesedwe chiyani?

Vuto linali ulendo. Anatsegula chitini cha mabatani momwe ankabisa ndalama, n'kupeza kuti zikwanira basi yokha. Kumeneko landilodi wa kachipinda ankafuna lendi ya miyezi iwiri asanapereke kiyi, ndipo mimba sidikira kuti mwezi uthe. Anagulitsa bedi, mipando ndi simbi, zinaperewerabe. Anapita kwa mchimwene wake kukabwereka.

Mchimweneyo anangoti maso kudenga. Amene anayankha ndi mkazi wake, mayi wa pakamwa potsekemera amene chibadwire sanaperekepo chinthu chaulere.

"Alamu, ife zobwereketsa tinasiya," anatero. "Koma makina aja mukatani nawo kumeneko? Kufakitale kuli amagetsi, mumangoponda pang'ono, fyuu! Tigulitseni ifeyo, akhale pachibale."

Mtengo umene anatchula unali wa njinga yopanda matayala. Mayi Zigamba anakana. Anapita kukagona, kutacha anawerenga masiku otsala, n'kuvomera. Tsiku lowapereka anawathira mafuta, kumangitsa lamba, kuikamo singano yatsopano. Mlamuyo anayang'ana zonsezo, n'kufunsa ngati dzimbiri la pachopondera silingatsitseko mtengo.

Lolemba anafika kufakitale kuja. Holo yake inali yaitali, mizere ya makina oyera mbee, phokoso lake longa la njuchi. Kapitawo anali mtsikana amene anabadwa iye atayamba kale kusoka.

"Mayi, makina mumawadziwa?"

"Bwana, ndakalambira pa makina."

Anamupatsa mulu wa malaya oyera odula kale. Anakhala pansi, mapazi onse awiri pa chopondera, ndipo phazi linachita zomwe lakhala likuchita moyo wake wonse: kutsogolo, kumbuyo, kutsogolo, kumbuyo. Koma makina amagetsi sapalasa. Zala zikatsika amathamanga ngati amisala, chidendene chikatsika amaima n'kudula ulusi. Msoko unakhota, thumba linasokedwera kumsana, singano inathyoka. Atsikana a mumzerewo anagwa nako kuseka.

"Agogo akwera njinga!" anakuwa wina. "Apatseni njira!"

Sikuti sanayesetse. Anagwira bondo ndi dzanja, analikalipira phazilo chamumtima ngati mwana wosamva. Akaika maganizo kuphazi, manja ankasochera. Akabwerera kumanja, phazi linkayambanso ulendo wake. Ankalira osatulutsa mawu, misozi n'kumagwera pa nsalu za eni. Chinkamuwawa kwambiri n'chakuti malaya amenewo akanawasoka atatsinzina, akanakhala pa makina ake.

Lachitatu masana kapitawo anamuitana, malaya khumi ndi anayi owonongeka ali patebulo.

"Mayi, manja anu ndi abwino, koma ife sitilemba manja okha. Malipiro a masiku atatuwa alowa ku nsalu mwawonongazi."

Landilodi naye anati ndalama ikalowa m'thumba mwake sidziwa njira yotulukira. Mayi Zigamba anagulitsa bulangete ndi foni kuti apeze ya basi yobwerera.

Atatsika, makina ake anawamva asanawaone. Anawazindikira ali patali, lamba akulira, magudumu akupempha mafuta. Anali pakhonde lomwe lija, atatsamira chipilala chomwe chija, mlamu wake ali pampando kuwapalasa mwankhanza, makasitomala ake akale ataima pambali ndi mabuluku m'manja.

"Alamu! Tchuthi chayamba kale?"

"Ndabwera kudzawombola makina. Ndizilipira pang'onopang'ono."

"Iii, mtengo unakwera, alamu. Panopa akupita ndi khonde, ndi makasitomala omwe. Koma poti ndinu m'bale sindingakutayeni. Mabatani amandipweteka maso, muzindisokera pamanja."

Mayi Zigamba anayang'ana msoko umene unali pansi pa singano. Unali wokhota moti akanakhala wake sakanagona tulo.

"Bwanji ndizipalasa ine, inu muzingolandira ndalama?"

Mlamuyo anaseka, n'kukweza mawu kuti onse pakhondepo amve.

"Inuyo? Tamva kuti kutauni munawononga nsalu za eni ake mpaka anakuthamangitsani. Makina anga sindingakupatseni, mungandiphere."

Palibe kasitomala amene anamuikira kumbuyo. Bambo wina, amene Mayi Zigamba anamubisira manyazi kwa zaka khumi, anangoti maso pa nsapato zake.

Mpaka lero ali pakhonde pomwepo. Amakhala pa kireti ya mabotolo, chitini cha mabatani chili pamiyendo, ndipo amagona pakhichini pa mchimwene wake. Makina akayamba kulira pambali pake, phazi lija limadzuka lokha n'kumapalasa simenti, mofatsa, mwa muyeso wake weniweni, moti patapata wakumanja amatha msanga kuposa mnzake. Mlamuyo sacheuka n'komwe.

"Alamu, tasiyani kugwedeza mwendowo. Mukundisokoneza pa ntchito."