Kagalimoto ka Mipando Iwiri

Fungo la chikopa chotenthedwa ndi dzuwa limandiutsabe mkwiyo mpaka lero. Limandibwezera ku Romford, ku London, m'chilimwe chimene bambo anabwera ndi kagalimoto kachikasu kopanda denga n'kukaimika pakhomo pa nyumba yathu ya lendi. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Kanali kafupi kwambiri moti ndinkasuzumira mkati osanyanyamphira, kopepuka moti anyamata a mumsewu mwathu ankati akhoza kukanyamula ndi manja. Injini ikalira, mawindo a kukhitchini ankanjenjemera. M'nyumba tinalimo anthu anayi, koma kagalimotoko kanali ndi mipando iwiri basi.

Amayi anakapeza akuchokera kuchipatala kumene ankagwira ntchito ya unamwino, mapazi atatupa. Anakazungulira kamodzi n'kufunsa kuti, "Nanga anawa muziwaika kuti, abambo a Tadala? Mu buti?" Tadalayo ndi ine. Bambo anangoseka uku akusisita chiwongolero. Galimoto yathu yakale, ija tinkalongamo ufa, nsomba zouma ndi azimayi atatu a kutchalitchi, anali ataigulitsa osauza munthu.

Amayi sanakakwerepo. Ankati munthu wovala chitenje sangakhale pansi chotero anthu akuona, duku n'kupita ndi mphepo. Ine ndiye mtima wonse unali pomwepo. Loweruka lililonse ndinkakatsuka ndi siponji, kupukuta mipando, kukutumula timakapeti, manja akununkha polishi tsiku lonse. Sindinkafuna zambiri, kungondizungulitsa mpaka pamsika n'kubwerera. Yankho la bambo silinkasintha: "Iwe, kwathu mwana sakhala kutsogolo. Mpandowu ndi wa amayi ako." Ndinkangomeza mate, poti mwambo sautsutsa. Koma kumbuyo kumene mwana amayenera kukhalako kunalibeko.

Choncho Lamlungu tinkapita kutchalitchi ku Peckham pasitima ndi pabasi, amayi atabereka mlongo wanga Limbani, ine nditasenza chikwama cha matewera. Bambo ankatsogola okha, ati akatsegule holo, ndipo pobwerera ankatsalira, ati atseke.

Lamlungu lina mu Ogasiti kunatentha moopsa. Tinakhala pamwamba m'basi, fungo la nsomba ndi nthochi zokazinga likulowera pawindo, masipika a nyimbo za mapemphero akusokosera m'mashopu. Basi inaima pamaloboti, ine n'kuyang'ana pansi, n'kuona kagalimoto ka bambo. Galimoto yopanda denga sibisa kanthu. Pampando uja panali anti Esnati a kwaya, atavala magalasi akuda, atavula nsapato, mapazi atawatambasula pa kakapeti kamene ndinakutumula dzulo lake. Ankaseka mutu atautsamiritsa paphewa la bambo.

Chichewa sindinkachilankhula kawirikawiri, amayi akandifunsa kanthu ndinkayankha m'Chingelezi. Koma ndinkadziwa lamulo lawo lakuti za m'nyumba pabasi timazinena m'Chichewa kuti azungu asamve. Ndiye ndinaimirira, misozi ili m'maso, n'kunena mokweza kuti, "Amama, mpando wanu uja akhalapo anti Esnati." Azungu sanamvedi. Anamva ndi azimayi a kutchalitchi amene anadzaza mipando ya kumbuyo kwathu, ndipo macheza awo anaduka pomwepo.

Amayi anayang'ana pawindo kamodzi kokha. "Khala pansi, Tadala," anatero, n'kundikonza kolala ya diresi.

Sukulu zisanatsegule, bambo anachoka. Sutikesi yawo anaimangirira ndi lamba pampando womwewo.

Nthawi imeneyo ndinkapsa mtima kuti anti Esnati andilanda malo, munthu woti siponji sanaigwirepo. Lero ndili ndi ana anga, ndipo mkwiyowo sunathe, unangopeza mwini wake. Bambo wa ana awiri sagula mipando iwiri mwangozi. Anali atatisiya kale m'mtima, mwambo n'kuusandutsa chotchingira mwana, ndipo anandilekerera chilimwe chonse ndikuwatsukira chothawira.